Ana a kompyuta akungomata ma screenshot mu Results, ndiwatani?

Mphunzitsi wa EAP (Chingerezi cha maphunziro apamwamba) chaka chachiwiri
Akuluakulu thandizeni, mutu wanga waima. Kalasi ya computer engineering, ana 120, maola awiri pa sabata, masabata atsala asanu. Lab report yawo ndi yofanizira bubble sort ndi merge sort, njira ziwiri zosanjira manambala pa kompyuta. Introduction ndi Method akuyesetsako. Koma Results, mayo! Ma screenshot a terminal, code masamba atatu, kenako chiganizo chimodzi: "As shown above, merge sort is the best." Above wake uti? Best pa chiyani? Rubric ali nayo koma palibe chikusintha. Turnitin, pulogalamu yoona kukopera, nayo ikuonetsa kufanana kwa 60% pafupifupi aliyense.

Mayi wa Communication Skills
Pepani aphunzitsi. Anawo sadziwa kuti nambala siidzilankhulira yokha. Letsani ma screenshot, zonse zilowe mu tebulo limodzi: mindandanda ya manambala 1,000, 10,000 ndi 100,000, nthawi mu ma millisecond. Kenako ndime ya magawo atatu. Loyamba kulozera: "Table I shows...", present tense, kutchula tebulo ndi nambala yake. Above ndi below ayi, chifukwa LaTeX, pulogalamu yolembera malipoti, imasuntha matebulo, limene linali pamwamba limakapezeka tsamba lina. Lachiwiri asankhe nambala ziwiri zokha zimene zili ndi nkhani. Akachoka pa 10,000 kufika pa 100,000, nthawi ya bubble sort imakwera pafupifupi ka 100, ya merge sort ka 12 kapena 13. Lachitatu chifukwa chake, O(n²) ndi O(n log n), kutanthauza mmene nthawi imakulira mndandanda ukamakula, mawu ake ofewetsa (hedging): "this suggests", "is likely due to".

Bambo wa Galamala
Mukumanga denga pa nyumba yopanda maziko. Mwana wolemba "the results was showed" mumuphunzitsa hedging? Bwererani ku ma tense ndi subject-verb agreement masabata onse asanu.

Lekichala wa ma algorithm
Ine ndine wa ku engineering, ndingowonjezapo. Chiganizo cha "the best" chija si chosakongola chabe, ndi chabodza. Mupatseni bubble sort yokhala ndi flag yoimitsa msanga mndandanda wosanjidwa kale: imadutsa kamodzi n'kuima, merge sort ikadali kugawa. Awonetseni zimenezo, adzamvetsa okha chifukwa cholembera "on random input". Komanso chenjerani, ambiri amathamangitsa pulogalamu kamodzi pa laputopu imene Chrome ili yotsegula, n'kulemba nambalayo ngati lamulo. Auzeni athamangitse kasanu alembe average. Koma inu musachonge ngati code ili yolondola, zimenezo tisiyireni ife, mungadzakangane ndi mwana amene akudziwa C kuposa inu.

Mayi wa Communication Skills
Za Turnitin musafulumire kuitana disciplinary. Ana 120 olemba bubble sort m'chilankhulo chimodzi code yawo ifanana basi. Code ipite ku appendix ngati fayilo yapadera, inu mukweze mawu okha, muyatse exclude bibliography ndi exclude quotes. Kufanana kwa code ndi ntchito ya MOSS ya ku Stanford, anzathu a engineering amaidziwa. Chizindikiro cha AI nachonso musachikhulupirire chokha, chimagwira ndi ana osalakwa amene Chingerezi chawo ndi cha ziganizo zoloweza. Mukakayikira, muitaneni mphindi ziwiri afotokoze tebulo lake pakamwa.

Bambo wa Galamala
Afotokoza ndi tense iti? Ndanena kale, maziko.

Wa ku laibulale
Funso, referencing akugwiritsa iti? Chaka choyamba ambiri amaphunzitsidwa APA, kufika ku dipatimenti akufuna IEEE, ndiye amasakaniza. IEEE ndi manambala, [1], [2], motsata mmene zatchulidwira koyamba m'nkhani, osati mwa alifabeti. Mutu wa tebulo pamwamba ndi manambala a Chiroma, wa chithunzi pansi, "Fig. 1". Zotero, pulogalamu ya ma reference, ndi yaulere ndipo imawasanja mwa IEEE, koma ikatenga PDF yopanda metadata imalemba dzina la fayilo ngati mutu wa pepala. Aziona asanapereke.

Mayi wa Communication Skills
Bambo, galamala sitikuitaya, koma ilowe m'ndime momwemo: past tense pa zimene anachita, present pa zimene tebulo likuonetsa. Ma tense awiri okha, pa ziganizo zawo zomwe. Ndipo aphunzitsi, malipoti 120 athunthu sabata iliyonse mudwala nawo. Alembe ndime imodzi ya mawu 120, asinthane ndi mnzawo, adule mzere magawo atatu aja ndi mapeni a mitundu itatu. Mtundu ukasowa, gawo lasowa. Inu muchonge ndime yolembedwanso kachiwiri yokha. Musawapatse ndime yachitsanzo ya sorting yomweyo, mudzailandira ka 120 atangosintha manambala. Chitsanzo chikhale cha china, monga ping pa Wi-Fi ndi pa chingwe.

Bambo wa Galamala
Mapeni a mitundu. Ku yunivesite. Chabwino, tidzaonana pa final year project akadzalemba "the system were tested".

Wa ku laibulale
Ndi ndani ali ndi template ya IEEE ya Word? Ya Overleaf ija, ya LaTeX ya pa intaneti, ana akudandaula bandulo.