Ndiwaphunzitse bwanji anamwino atsopano kupereka uthenga wovuta kwa odwala?

Moni nonse anzanga azaumoyo. Ndimayang'anira anamwino ongomaliza kumene sukulu pachipatala china cha boma m'chigawo chapakati. Vuto ndi lakuti zotsatira zikabwera zosonyeza kuti mayi ali ndi khansa ya khomo la chiberekero yomwe yafalikira kale, achinyamatawa amazemba kumuuza. Ena amangolemba referral n'kunena kuti akamve kuchipatala chachikulu.

Ndinawaphunzitsa njira ya SPIKES youzira wodwala uthenga wovuta, ya magawo 6, yomwe inatuluka mu 2000, ndipo papepala amaidziwa bwino. Tinayesanso timasewero, wina n'kukhala wodwala, koma zimangothera m'kuseka.

Chandiimitsa mutu kwambiri ndi achibale. Amalume kapena gadiyani amatikokera pakhonde n'kutichonderera kuti tisamuuze mwiniwake, ati ataya mtima. Ine ndimaona kuti wodwala ali ndi ufulu wodziwa za thupi lake. Komanso muwodi mwathu mabedi ndi othithikana, chipinda chokambiranamo mwachinsinsi palibe, timangotchinga ndi nsalu.

Kodi alipo anaphunzitsapo zimenezi m'Chichewa zinamuyendera? Nanga achibale akakaniratu mumatani? Amene akudziwa ngati a PACAM (Palliative Care Association of Malawi, bungwe loona za chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika) amachititsa maphunziro otere, chonde ndithandizeni.