Kmax yakwera ndi 1.3 D: lasintha ndi diso kapena muyeso?

Wofunsa, Johannesburg: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi wodwala, mtsikana wa zaka 17, wa keratoconus (matenda omwe cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso, imapyapyala n'kutukuka ngati nsonga), diso lamanja. Miyezi isanu ndi umodzi yapitayo Kmax (muyeso wa pomwe cornea yapindika kwambiri, mu ma dioptre, D) inali 57.8 D, lero yatuluka 59.1 D pa makina omwewo ojambulira cornea a Scheimpflug. Adokotala akuti apite ku cross-linking, opaleshoni yolimbitsa cornea, poti kukwerako kwadutsa 1.00 D. Koma refraction (mphamvu ya magalasi omwe akufunika) ili pompaja, ndipo pamalo opyapyala kwambiri cornea idakali pa ma micron 462. Makolo ake ndalama n'zovuta. Nditumize kapena ndidikire?

Mnzake wa ku Leeds: Achemwali, mwajambula kangati lero? Nanga amavala ma contact lens olimba? Ngati eya, anavula liti?

Mphunzitsi wa optometry: Funso la kangatilo ndiye mutu wa nkhani. Kumbukirani kuti makinawa sayeza ma dioptre. Amajambula zidutswa za cornea kamera ikuzungulira, kompyuta n'kumanga chithunzi cha kapindikidwe kake, kenako n'kuwerengetsa: 337.5 kugawa ndi radius ya kupindikako. Pa 58 D radius ndi 5.82 mm, pa 59 D ndi 5.72 mm. Dioptre yathunthu yabisala mu 0.10 mm basi, pomwe pa diso labwinobwino la 43 D pamafunika pafupifupi 0.18 mm. Nsonga ikamatukuka, kakuphonya kakang'ono kamaoneka kakakulu. Chinanso, Kmax ndi kadontho kamodzi ka kutsogolo kwa cornea. Mwana akangosuntha diso pang'ono, kadonthoko kasamuka. Ine sindingatumize munthu ku opaleshoni chifukwa cha kadontho kamodzi. Jambulani katatu, nthawi iliyonse achotse chibwano pachotsamira, akhalenso bwino, aphethire, ndiye mujambule. Chomwe chizindikiro cha quality chachita chikasu kapena kufiira chisawerengedwe.

Clinical officer wa maso, Zomba: Ife kuno ana a keratoconus ambiri timawapeza ndi vernal, maso oyabwa usana ndi usiku. Tembenuzani chikope chapamwamba muone. Mwana akatikita diso ali pamzere panja, muyeso wa tsikulo wasokonekera kale, ndipo akapanda kusiya kutikitako nsongayo ipitirirabe ngakhale mutachita cross-linking.

Wofunsa, Johannesburg: Anali asanapite, ndamubwezeranso pamakina. Zatuluka 59.1, 58.0 ndi 58.4, zonse quality yabwino. Amavala ma lens olimbawo (RGP) ndithu, wavula m'mawa womwe uno. Chikope ndatembenuza, tiziphuphu tilipo, ndipo mayi ake akuti amatikita ndi kumbuyo kwa chala akamawerenga.

Mphunzitsi wa optometry: Zikomo achemwali, tsopano tili ndi pogwira. Standard deviation (muyeso wa kusiyana) ya manambala atatuwo ndi 0.56. Chulukitsani ndi 2.77 monga mwa njira ya Bland ndi Altman, mupeza 1.5 D. Zithunzi zitatu n'zochepa, komabe zikutiuza kuti pa diso ili miyeso iwiri ingasiyane chomwecho diso lisanasinthe n'komwe. Ndiye 1.3 yanu ili mkati momwemo. Mgwirizano wa akatswiri a keratoconus wa 2015 unati tinene kuti matenda akupitirira pokhapokha ziwiri mwa zitatu zasintha mopitirira kugwedera kwa muyeso: kutsogolo kwa cornea, kumbuyo kwake, kapena kukhuthala. Tsegulani ABCD ya Belin, njira yoyezera keratoconus ya pamakinawo, imatenga dera la 3 mm kuzungulira popyapyala, osati kadontho. Muyang'anitsitse kumbuyoko, chifukwa lens imaphwanthitsa kutsogolo.

Mnzake wa ku Leeds: Masamuwo ndikuwavomera aphunzitsi, koma tisagone nawo. Pa zaka 17 matendawa amathamanga. Njira ya Dresden yochitira cross-linking imafuna ma micron 400 epithelium (kakhungu ka pamwamba pa cornea) itachotsedwa, ndipo epithelium imatenga pafupifupi 50. Pa 462 patsala 412. Mpata ndi wochepa kwambiri, chaka sichingadikirike.

Wofunsa, Johannesburg: Zamveka nonse. Ndalankhula ndi adokotala, agwirizana nazo. Asiye RGP yamanja masabata awiri, tiyambe mankhwala a kuyabwa lero. Abwere masana, osati atangodzuka cornea ikadali yotupa, ndijambule katatu, avereji yake ikhale poyambira patsopano. Tibwerezenso pakatha miyezi itatu, nthawi yomweyo, makina omwewo. Kumbuyo kukasuntha kapena kukhuthala kukatsika, kalata yomutumiza ku cross-linking ndilemba tsiku lomwelo.