Stockfish ndi Komodo pa kompyuta imodzi: pomwe ndafika

Ndinafunsa kuti ndingapikisanitse bwanji Stockfish ndi Komodo, mapulogalamu osewera chess otchedwa injini, pa kompyuta imodzi popanda kukondera. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Vuto lalikulu linali ponder. Ikakhala yoyatsa, injini imapitiriza kuganiza pa nthawi ya inzake, n'kumaibera mphamvu za purosesa. Ndaizimitsa mu Cute Chess, pulogalamu yopikisanitsira injini. Injini iliyonse ndaipatsa thread imodzi (mzere umodzi wa ntchito mu purosesa) ndi hash (memory yosungira zomwe yawerengera kale) ya 64 MB, ndipo masewera ochitika nthawi imodzi sakupitirira ma core enieni a kompyuta (zigawo za purosesa zogwira ntchito pazokha). Ma core a hyper-threading, pomwe core imodzi imaoneka ngati awiri, sindikuwawerengera. Chiyambi chilichonse cha masewera chikuseweredwa kawiri, injini zikusinthana zoyera ndi zakuda.

Nthawi ndatengera ya Fishtest, komwe amayesera Stockfish: masekondi 10 kwa injini iliyonse, kuonjezera 0.1 pa kusuntha kulikonse. Ena munati yachepa, koma kwa ine chonamiza kwambiri ndi kuchepa kwa masewera. Lc0, injini inanso ya chess, ndaisiya kaye, poti mphamvu zake zimadalira GPU (purosesa ya zithunzi).