Pempho la thandizo pa samu ya mtunda ndi nthawi

Moni nonse a m'gulu lino, makamaka inu aphunzitsi a masamu. Ndili kuno ku Chipata, ndipo mwana wanga wa Giredi 9 wabwera ndi samu imene yatiimitsa mitu tonse awiri.

Samuyo ikuti basi yochoka ku Chipata kulowera ku Lusaka yayenda makilomita 120 pa ola limodzi ndi mphindi 30, ndipo tipeze nthawi imene idzatenge kuyenda makilomita 200 ngati liwiro lake silisintha. Poyamba ndinagawa 120 ndi 1.30, n'kupeza liwiro la makilomita pafupifupi 92.3 pa ola, kenaka ndinagawa 200 ndi 92.3, yankho n'kukhala maola 2.17. Mwanayo anasandutsa nthawi yonse kukhala mphindi 90, anachulukitsa ndi 200, n'kugawa ndi 120, ndipo anapeza mphindi 150, kutanthauza maola awiri ndi theka. Tabwereza katatu, tayang'ananso m'buku lake, koma mayankho akusiyanabe, ndipo sindikufuna kumusokoneza mayeso atayandikira chonchi.

Kodi yankho lolondola ndi liti? Ndikukayikira 1.30 uja. Kodi ola ndi mphindi 30 zimalembedwa bwanji m'madesimo, ndipo chifukwa chake n'chiyani? Chonde ndithandizeni.