Chamba changa chafupika ngati therere, chadwala kapena ndi mtundu wake?

Mwana_wa_ku_Dwangwa:

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndili ku Johannesburg, ndimagwira ntchito yosamalira maluwa m'mabwalo a anthu. Mu Okutobala mnzanga wakuntchito anandipatsa njere zitatu, akuti dzina lake Northern Lights. Poti kuno munthu wamkulu amaloledwa kudzala chake pakhomo, ndinafesa m'zidebe zakale za penti za malita 20 kuseri kwa kachipinda kanga. Zinamera ziwiri. Chimodzi chinatuluka chachimuna, ndinachizula.

Chotsalachi ndiye chikundizunguza mutu. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndipo chamba chimene ndinkachiona ndili mwana chinkatalika kuposa munthu, masamba ake aatali, opyapyala ngati zala za gogo. Ichi tili mu Febuluwale koma chikundifika m'chiuno basi. Masamba ndi otambalala ngati a chinangwa, obiriwira moderako, ndipo mitu yayamba kale kuthinana, ukaigwira zala zimamata utomoni. Dzulo ndapeza kamutu kamodzi kafota, nditakatsegula m'kati muli tofiirira tonyowa. Kodi ndachiphonya feteleza? Kapena chidebe chachepa?

Bambo_Chisale_Area25:

Mphwanga, musataye ndalama pa feteleza. Mbewu yanuyo sinadwale chifukwa chofupika, ndi chibadwa chake. Northern Lights ndi ya mbali ya indica, mtundu wa chamba chachifupi cha masamba otambalala, makolo ake ndi mbewu za ku Afghanistan, ndipo inatchuka itafika ku Netherlands m'zaka za m'ma 1980. Kumapiri a Hindu Kush ku Afghanistan komweko chilimwe n'chachifupi, chisanu chimabwera msanga, ndiye mbewu yakumeneko inazolowera kuthamanga: tsinde lalifupi, mfundo zoyandikana, ndipo ikayamba maluwa imakhwima m'masabata 7 kapena 8. Chakwanu chija, chimene azungu amati Malawi Gold, ndi sativa, mtundu wautali wa masamba opyapyala. Sichinaonepo chisanu, n'chifukwa chake chimachita mwachifatse, miyezi itatu kapena inayi chili pa maluwa. Mukuyerekeza mbuzi ndi ng'ombe.

Chinanso n'chakuti chamba chimawerenga usiku. Usiku ukatalika kufika pafupifupi maola 12, chimasiya kukula n'kuyamba kubereka. Kwanuko mu Disembala dzuwa limakhala pafupifupi maola 14, n'chifukwa chake chinapezako mpata wofika m'chiuno. Kuno kumudzi tili pafupi ndi equator, tsiku silifika maola 13 ngakhale mu Disembala. Mutadzala njere yomweyo ku Dwangwa, ikhoza kuyamba maluwa ikadali m'mawondo. 

Mayi_a_Tadala_CapeTown:

Achimwene, zofupikazo a Chisale anena kale, ine chandidetsa nkhawa ndi kamutu kofotako. Chimenecho ndi chuku, ndipo n'chimene chimagwetsa indica. Mitu yake ndi yolimba ngati chitsononkho, madzi akalowa satulukamo. Johannesburg mvula yake ndi ya chilimwe, imagwa madzulo nthawi imene mitu ikukhwima. Chaka chatha amuna anga anataya theka la chomera chawo, chonsecho kuno chilimwe n'chouma, anangolakwitsa kuthirira ndi paipi kuchokera pamwamba ngati akutsuka galimoto. Masiku anayi okha, mitu yonse yapakati inali itasanduka phala.

Dulani kamutuko lero lomwe, mudulire pansi pang'ono pomwe pali pabwino, mukataye kutali, ndipo lumo mulipukute ndi spiriti. Mwayi wanu ndi woti chili m'chidebe: mitambo ikachita bii, chikokereni pakhonde. Thirirani pansi, m'mawa. Masamba akuluakulu amene aphimba pakati muchotseko angapo kuti mphepo idutse, koma musachimete mpala. Yang'ananinso kunsi kwa masamba, kangaude wofiira uja wa tomato amachikonda kwambiri.

Ndipo chimene chachita chuku musasute, ngakhale chitauma bwanji. Chifuwa n'chanu.

Mwana_wa_ku_Dwangwa:

Zikomo amayi. Ndadula, ndapeza tina tiwiri. Ndiye nditakolola ndingathe kuchikulunga m'makoko a nthochi ngati momwe ankachitira akuluakulu kwathu? Komanso zikayenda bwino ndimafuna ndikapatseko malume njere ndikamapita pa Khirisimasi.

Bambo_Chisale_Area25:

Za makoko a nthochi iwalani. Njira imene ija inkayenda ndi chamba cha mitu yotakasuka, mphepo imadutsamo. Mukamanga indica yanuyo ikadali ndi chinyezi mudzamasula zowola zokhazokha. Ipachikeni chadodolido pamthunzi podutsa mphepo, mpaka kanthambi kazithyoka ndi kaphokoso m'malo mopindika.

Za malumezo ndiye ayi, ndikukanizani ngati mkulu wanu. Chimene khoti lalikulu la South Africa linalola mu 2018, ndi lamulo limene a Pulezidenti Ramaphosa anasaina mu 2024, n'chakuti munthu wamkulu adzale ndi kugwiritsa ntchito payekha. Kugulitsa sikunaloledwe, kudutsa nacho pa Beitbridge kapena pa Mwanza ndiye mlandu weniweni. Kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza chamba mu 2020, koma ndi cha mankhwala ndi cha mafakitale chokha, ndipo pamafunika chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira za chamba. Malume anu akapezeka nacho kuseri kwa khola, apolisi sadzafunsa ngati ndi indica kapena sativa. Komanso njerezo muzitenga kuti, poti chachimuna munazula?

Mayi_a_Tadala_CapeTown:

Hahaha, a Chisale mwamugwira pakhosi mwanayu. Achimwene, kuwonjezerapo pang'ono: anthu amati indica imagonetsa, sativa imachangamutsa. Kwathu kuno indica ija inawagonetsadi bambo a Tadala pampando mpira usanathe, koma musakhulupirire dzina lokha, mbewu zamasiku ano n'zosakanizasakaniza, ndipo zambiri n'zaukali kuposa zimene munkaziona kwanu. Muyambe ndi pang'ono, tsiku limene simukugwira makina otchetchera kapinga. Ana a pakhomopo asachifikire, ndipo fungo likayamba mu Malichi muwauziretu eni nyumba, chifukwa silibisika.

Mwana_wa_ku_Dwangwa:

Za njere ndiye ndachita manyazi, sindinaganize n'komwe. Malume ndiwagulira bulangeti. Kunja kwayamba kugunda, ndithamange ndikakoke chidebe.