Ana a pulayimale kuno ku China akunenepa bwanji chonchi?

MwanaWaKuDedza:
Anzanga amene muli kuno kapena munakhalako tandithandizeni. Ndili ku Jinan chaka chachiwiri tsopano, pafupi ndi hositelo yathu pali pulayimale ina nde ndikamadutsa nthawi yoweruka ndimaona ana onenepa ambirimbiri makamaka anyamata, wina kamimba ngati bwana wa kampani koma zaka 9 zokha kkkk. Ine ndinkati aChaina ndi anthu owonda odya mpunga ndi masamba, kodi ndi maso anga kapena?

Nachisale:
Si maso anu achimwene, lipoti la boma lawo la 2020 linati ana 19 pa 100 aliwonse a zaka 6 mpaka 17 ndi onenepa kupitirira muyezo. Koma mwaonetsetsa amene amabwera kudzawatenga pageti? Ambiri ndi agogo, makolo ali kuntchito. Lamulo lija loti banja libereke mwana mmodzi linakhala zaka zoposa 30 mpaka linatha 2015, ndiye mumapeza agogo anayi, bambo ndi mayi, onse maso pa kamwana kamodzi, eni ake amakatcha xiao huangdi, kamfumu kakang'ono. Ndiye agogo ambiri anakula movutika chakudya chili chosowa, ena njala ya 1959 mpaka 1961 anaiona ndi maso, munthu wotere mungamuuze kuti mdzukulu wakhuta? Chikwama cha mabuku amunyamulira, m'manja amupatsiratu soseji, kenako akwera kanjinga kamagetsi mpaka pakhomo, mwana osayenda ngakhale pang'ono.

Che_Jussa:
Asisi agogowo tiwasiye pang'ono, ine ndimaloza chala sukulu. Mwana akhala pa desiki tsiku lonse, akaweruka homuweki mpaka usiku, Loweruka makalasi apadera, zonsezi kukonzekera gaokao, mayeso olowera ku yunivesite, omwe adzalembe patadutsa zaka zambiri. Masukulu ena ngakhale buleki ya 10 minitsi ana samatuluka panja kuopa kuti wina avulala makolo abweretsa milandu. Boma linaona lokha, 2021 linachepetsa homuweki ndi makalasi olipira aja, chaka chomwecho linalamula kuti ana azisewera magemu a pa intaneti ola limodzi lokha patsiku, Lachisanu Loweruka ndi Lamlungu. Koma anawo amangolowa ndi akaunti ya agogo awo basi.

Nachisale:
Mwaona, mwabwereranso kwa agogo omwewo kkkk

Che_Jussa:
Kkk mwandigwira. Komanso zakudya zasintha, KFC inalowa ku Beijing 1987 pano ili pena paliponse, kuonjezera tiyi wamkaka uja wa timipira takuda, shuga wake ndi woopsa, ndi latiao, tizakudya ta ufa wa tirigu ta mafuta ndi tsabola timene amagulitsa timashopu ta pafupi ndi sukulu.

MwanaWaKuDedza:
Za njinga yamagetsi ija ndi zoona, dzulo ndaona agogo ena akuyendetsa, mdzukulu kumbuyo akudya, njinga kuchita kulira. Koma latiao musamunene chonde, inenso buluku yomwe ndinabwera nayo kuchokera kumudzi siikumanganso batani.