Wizard akumaliza adani yekha pa level 5: ndingatani kuti Fighter ndi Rogue azikhalanso ndi ntchito?

Moni nonse okonda Dungeons & Dragons, masewera a patebulo omwe aliyense amasewera ngati munthu wa m'nkhani. Ndine Dungeon Master (woyendetsa masewerawa) wa gulu la anthu anayi, ndipo timatsatira malamulo a 5th Edition a 2014. Chifikireni pa level 5, Wizard (wamatsenga) ndiye akumaliza pafupifupi nkhondo iliyonse, moti osewera Fighter (msilikali) ndi Rogue (womenya mozemba) ayamba kudandaula kuti amangoperekeza.

Fireball, yomwe ndi matsenga a moto a Wizard, imavulaza ndi 8d6 (madayisi 8 a mbali 6) aliyense amene ali mkati mwa mafiti 20 kuchokera pomwe yaphulikira, pamene Fighter, ngakhale ali ndi Extra Attack ndi Action Surge (zomwe zimamulola kumenya kangapo pa turn, kutanthauza nthawi yake yosewera), amamenya adani mmodzimmodzi, ndipo Sneak Attack (kumenya mozemba) ya 3d6 ya Rogue imagwira kamodzi kokha pa turn.

Ndinayesa kuchulukitsa adani, koma zimenezo zinangokomera Wizard yemweyo. Nditabweretsa ma hell hound, agalu a ku gehena omwe moto suwapweteka, iye anawagoneka maso ndi matsenga a Hypnotic Pattern. Lupanga la +1 (lowonjezera mphamvu pang'ono pomenya) lomwe ndinapatsa Fighter silinasinthe zambiri. Ndikuona kuti gwero lenileni la vutoli ndi kupuma: buku la Dungeon Master's Guide limayembekezera nkhondo 6 mpaka 8 tsiku limodzi la ulendo, koma ife timangokwanitsa ziwiri tikakumana, kenaka gulu limapempha long rest (kupuma kwakutali) ndipo ma spell slot (mipata yomwe Wizard ali nayo yoponyera matsenga) onse amabwerera.

Kodi alipo amene anagwiritsapo ntchito lamulo lapadera la Gritty Realism, pomwe short rest (kupuma kwakufupi) ndi maola 8 ndipo long rest ndi masiku 7? Kodi inathandizadi Fighter, kapena inangokwiyitsa wosewera Wizard? Ngati pali njira ina yosachepetsa mphamvu za Wizard mwachindunji, chonde ndiuzeni.